MWANA AWERENGE COKONDWA, OSATI COOPA MKWAPULO

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa makolo a m'komboni

Kwaca! Ngwee!

Amai ndi abambo, abale ndi alongo, tikuthokozani cifukwa mwabwera ngakhale muli otopa. Ena mwacokera ku fakitale, ena ku msika, ena mwaima tsiku lonse pa geti la mwini, ndipo ena mulowa nchito usiku uno. Sitidzakusungani nthawi yaitali ai. Nkhani yathu lero ndi imodzi cabe: ana athu ndi mabuku.

Tiyambe ndi funso. Kodi ndani pano anaonapo mwana wace atagwira buku Loweruka masana, popanda womtuma, popanda mayeso m'mawa mwace, nkumaseka yekha? Taonani, manja ali ocepa. Ana athu apita ku sukulu, inde, ndipo tiyamika. Koma ambiri aliona buku ngati khasu la cibalo: aligwira pamene kapitao ali pafupi, kapitao akacoka aliponya pansi. Mayeso akatha, mapepala a buku akulungira kapenta ndi vitumbuwa. Ici ndico tifuna kukonza, ndipo sicidzakonzedwa ndi aphunzitsi okha.

Tikumbukire kumene tinacokera. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu akuda amene anali atatsiriza maphunziro a yunivesite anali pafupi-fupi 100 cabe m'dziko lonse. Sukulu ya Munali inayamba mu 1939, atsamunda atatilamulira kale zaka zambiri. Yunivesite yathu inatsegulidwa mu 1966, ufulu utabwera kale. Nanga anthu amene anagwetsa Federeshoni mu 1963, nzeru anazitenga kuti? Ambiri a iwo anali aphunzitsi, makalaliki, amakanika ndi a nchito za pa migodi, amene sukulu analekeza pa Standadi 4 kapena 6. Sukulu inangowapatsa mfungulo. Citseko anatsegula okha, madzulo, pa nyali ya palafini.

Okalamba athu akumbukira nyuzi ya Mutende, imene boma linayamba kusindikiza mu 1936. Inali nyuzi ya boma, koma pepala limodzi linali kuyenda nyumba ndi nyumba mpaka kung'ambika. Wodziwa kuwerenga anali kuwerengera anzace mokweza, ndipo atatha anali kutsutsana za zimene amva. Bambo Kenneth Kaunda, amene anatisiya mu 2021, anasimba m'buku lao la Zambia Shall Be Free, lotuluka mu 1962, za mabuku awiri amene anawakhudza mtima akali mnyamata: Talks to Boys la Arthur Mee ndi In Tune with the Infinite la Ralph Waldo Trine. Sanali mabuku a ndale ai. Anali mabuku amene mnyamata anawakonda. Ndipo musaiwale kuti boma la atsamunda linali kuletsa mabuku ena ndi manyuzi ena kulowa m'dziko muno. Ngati buku ndi cinthu cacabe, analiopa cifukwa ciani?

Tsono wina adzati, "Bwanji tinena za kukondwa? Mwana awerenge za mayeso, apase, apeze nchito." Abale, mverani. Kuwerenga kuli ngati kupalasa njinga. Palibe anadziwa njinga cifukwa comva malamulo ace. Anaidziwa cifukwa anakwera kawiri-kawiri, ndipo anakwera kawiri-kawiri cifukwa zinali kumkomera. Mwana wowerenga mwa kamodzi-kamodzi agwira cilembo cimodzi-cimodzi, ndipo pofika kumapeto kwa mzera waiwala kale ciyambi cace. Mphamvu zace zonse zathera pa kuchula mau, tanthauzo osalimva. Koma amene awerenga masiku onse, maso ace azolowera, mau abwera okha, ndipo mutu wace upeza mpata woganiza. Ameneyo ngakhale funso la samu alimva msanga, pakuti funso la samu nalonso liyamba ndi kuwerenga.

Ndipo nkhani iyi siithera pa mayeso. Ife a nchito tidziwa bwino pepala limene munthu apatsidwa polowa nchito, pepala la ngongole, pepala la poloti. Angati mwa ife anasaina osawerenga cifukwa mizera inali yambiri ndipo manyazi anatigwira? Angati analira pambuyo pace? Mwana wosazolowera kuwerenga adzasainanso cimodzi-modzi. Adzakhulupirira bodza liri lonse lobwera pa foni nthawi ya masankho. Dziko la anthu otere lingakhale ndi mbendera yace, koma anthu ace adyeredwa masuku pamutu.

Nanga tiyambire pati? Tiyambire pamene makolo athu anayambira. Agogo akati, "Panangokhala," ana onse anali kuyankha, "Tiri tonse!" Panalibe mkwapulo, panalibe mayeso, koma palibe mwana anali kufuna kukagona Kalulu asanapulumuke. Njala imeneyo, yofuna kudziwa cimene cinatsatira, ndiyo iyenera kumkokera mwana ku buku. Ndipo iyamba bwino m'cinenero cimene mwana alota naco. Mu 1966 Cingerezi cinaikidwa kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. Ife sitidana naco Cingerezi. Ana athu acidziwe bwino lomwe. Koma mwana wokumana ndi zilembo zacilendo pamodzi ndi mau acilendo asenza mitolo iwiri nthawi imodzi. Mtuleni umodzi. Mabuku a zinenero zathu alipo. Samuel Ntara wa ku Malawi analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933. Stephen Mpashi analemba nkhani zokoma m'Cibemba. Kuyambira mu 1948 panali bungwe la boma losindikiza mabuku a zinenero zathu, ndipo ena a mabukuwo akali m'masutukesi a agogo. Atulutseni, muwakunthe pfumbi.

Tsopano tikupemphani zinthu zisanu, ndipo palibe cimodzi cofuna ndalama zambiri.

Coyamba: muwerengereni mwana mokweza, ngakhale asanayambe sukulu. Mukatha kudya nsima, tsekani wailesi ndi TV kanthawi pang'ono. Lekezani nkhani pamene yafika pokoma, muone ngati mawa sadzabwera nalo yekha buku. Ngati inu simudziwa kuwerenga, musacite manyazi. Muuzeni mwana akuwerengereni, inu mufunse mafunso. Mwana akondwa kwambiri kukhala maso a amai ace.

Caciwiri: musamkalipire akaphonya liu. Mwana akamenyedwa pa buku, adana ndi buku, osati ndi kuphonya. Kukonza zolakwa ndi nchito ya m'kalasi. Pakhomo, mlekeni afike kumapeto kwa nkhani.

Cacitatu: mlekeni asankhe yekha. Akafuna tsamba la mpira m'nyuzi, awerenge. Akafuna kabuku ka zithunzi, awerenge. Buku likamtopetsa, alisiye atenge lina. Nafenso sitidya ndiwo imodzi masiku onse.

Cacinai, ndipo ici tinena kwa amai ndi abambo omwe: mwana wamkazi apatsidwe nthawi. M'nyumba zambiri mnyamata akhala pansi ndi buku, pamene mlongo wace atunga madzi, atsuka mbale, abereka khanda kufikira mdima. Akagwira buku amchula waulesi. Gawani nchito mofanana. Amai ambiri anamenyera ufulu wa dziko lino. Sanaumenyere kuti adzukulu ao akazi atsale m'mbuyo.

Cacisanu: ana akuoneni inu muwerenga. Abambo, mwana sacita zimene munena, acita zimene aona. Ngati madzulo onse akuonani ku bawa, adziwa kuti cokoma ca munthu wamkuru ciri m'botolo. Akuoneni mwakhala pa mpando ndi nyuzi kapena Buku Lopatulika, mukuseka kapena kupukusa mutu.

Tidziwa bvuto lathu. Mabuku ndi odula, ndipo malipiro atha mwezi usanafike pakati. Nyumba zathu ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama ndi zothina, magetsi azima, phokoso silitha. Koma mutu umodzi susenza denga. Cigawo ciri conse cipeze bokosi limodzi. Nyumba iri yonse iikemo buku limodzi, lakale kapena logula pa kaunjika wa mabuku ku msika. Nyumba 20 zikatero, mwana ali yense ali ndi mabuku 20. Sankhani mai kapena bambo mmodzi wokhulupirika asunge bokosi ndi kope lolembamo obwereka. Buku likabwera lakuda ndi manja a ana, musadandaule. Ndiye kuti lagwira nchito yace. Kumene kuli laibulale ya kanselo, ya sukulu kapena ya calici, mperekezeni mwana tsiku loyamba, pakuti yekha aopa kulowa. Ndipo a m'makalasi apamwamba agule kope, alembe nthano za agogo akali moyo, awerengere ang'ono ao. Pamenepo komboni idzakhala ndi mabuku ace-ace.

Abale ndi alongo, akuru anati m'mera mpoyamba. Makolo athu anatentha zitupa mu 1961 kuti ife tisayendenso ndi pepala la ukapolo m'thumba. Ife tiike pepala lina m'manja mwa ana athu, pepala limene adzalikonda. Pa msonkhano wotsatira tidzafunsanso funso lija tinayamba nalo, ndipo tifuna kuona manja ambiri. Ali yense abwere ndi buku limodzi la m'bokosi.

Kwaca! Ngwee!