Mtanda Ulingane ndi Ntchito ya Tsikulo

 Mawu amene ndadza nawo pabwalo pano alunjika kwa amayi anga amene apyola zaka 40 koma sanafike poyendera ndodo. Komabe ndipempha abambo kuti asatseke makutu, pakuti mphika umene tiunene adyamo ndi iwo omwe, ndipo shuga ndi mafuta zilowa m'nyumba iwo akuona.

Tonse tinakula tikumva kuti mkazi wonenepa ndiye wosungidwa bwino, ndi kuti wowonda ali nacho chomudya, kaya banja la nkhanza, kaya nthenda ija inatitha abale. Chotero sindidabwa kuti mayi aopa manong'onong'o a pachitsime koposa mawu a dokotala. Komatu kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 kufikira 49 m'Malawi muno, 21 anali olemera kupyola muyeso woyenera kutalika kwawo, pamene owonda kwambiri anali 7 okha. Ndipo kulemera kotereku ndiko kumatsegulira khomo matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa kwa ziwalo, ndi mawondo olira pakudzuka pamphasa.

Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu, imene a zaumoyo aiwerenga m'makalori. Mayi wa zaka 50 amene tsiku lake lithera pa benchi ya malonda, kapena pakhonde kulera adzukulu, thupi lake lifuna makalori monga 1,600 kufikira 1,800 patsiku. Woyendayenda ndi ntchito za pakhomo afuna monga 2,000 kapena 2,200. Ndipo iye amene alawirira kukagalauza mizere, nabwerera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, apyola ngakhale pamenepo. Chimene chatsala thupi silichitaya, koma lichisandutsa mafuta nilikundika, monga mlimi akundikira chimanga m'nkhokwe. Kungoti nkhokwe imeneyi siima pa mafoloko kuseri kwa nyumba, iima pa mawondo anu usana ndi usiku.

Mundikhululukire anamkungwi ponena pabwalo zimene mwina zikadayenera kuseri. Pakati pa zaka 45 ndi 55 amayi ambiri aleka kupita kumwezi, ndipo m'nyengo imeneyo minofu iyamba kuchepa, thupi silipserezanso chakudya monga kale, ndipo mafuta amene ankakhala m'chiuno ndi m'ntchafu asamukira pamimba, pamene ndi poopsa koposa. Nyengo yomweyo ntchito nazo zipepuka, pakuti mtondo unasiyira chigayo, madzi ali pa mjigo pafupi, kumsika mupita pa kabaza, ndowa asenza ana aakazi. Koma chipande chomwe chija chikali kuomola mitanda yomwe ija imene munkadya muli ndi mwana kumsana ndi wina kubere.

Tiyeni tsono tiwerenge pamodzi. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Ndipo ngati mtanda waukulu wadya ufa magalamu 80, ndiye kuti wasenza makalori oyandikira 300. Mayi akadya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo, taonani, wafika pa 1,700 ndi nsima yokha, ndiwo asanazikhudze, phala la mmawa tisanalitchule. Mafuta ophikira ndiwo mbala yeniyeni, popeza salemera m'mimba: supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori 120, ndipo ndani mwa ife ayesa ndi supuni? Tingopendeketsa botolo pamoto mpaka tomato asambire. Kasupuni ka shuga kosalazidwa pamwamba kali ndi 16, koma ka kwathu kuno sikasalazidwa, kanyamula phiri, ndipo tithira katatu m'kapu imodzi, kapu ziwiri mmawa uliwonse, mandasi ali pambali. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasupuni 8, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la World Health Organization, lilangiza kuti munthu wamkulu asafike pa timasupuni 12 tsiku lathunthu. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu usonkhana mwini wake asakudziwa.

Ndikuona ena akuyang'anana, monga akuti mwana uyu wadza kudzatiletsa nsima. Iyayi, amayi anga, nsima ndiyo inatilera, ndipo wogona osaidya kwathu kuno ati wagona ndi njala. Chimene ndipempha n'chakuti mtanda ulingane ndi ntchito ya tsikulo. Miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene khasu lili paphewa kuyambira mbandakucha ndipo nkhokwe zapepuka, musadzimane kanthu, idyani chimene Mulungu wapereka. Nthawi yosamala ndi iyi ya pambuyo pokolola, pamene ntchito zagona, maukwati ndi ziliza zikutsatana, thobwa la shuga lili m'migolo, ndipo mlendo akakana mbale yachiwiri ayesedwa wonyoza. Pamenepo kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa tsiku lopanda ntchito yolemetsa, amene adya mitanda itatu abwerere pa iwiri, ndipo malo a wachitatuwo adzaze ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya kapena mfutso, zimene zikhutitsa mimba popanda kulemetsa thupi. Mgaiwa ndiutama koposa ufa woyera, chifukwa ngakhale makalori ake sasiyana kwenikweni, gaga amene ali m'menemo aukhalitsa m'mimba, njala nichedwa kubwera. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa ndi dzira musazisiye konse, pakuti ndizo zisunga minofu imene zaka zikufuna kukulandani. Ndipo usipa wodya ndi minga yake ulimbitsanso mafupa, amene nawo afooka mayi akaleka kumwezi. Nsinjiro ndi yabwino, komatu nayo ndi mafuta, ndipo ndiwo zotendera sizifunanso botolo. Mchere wa tsiku lonse usapyole kasupuni kamodzi, ndiwo magalamu 5. Zonsezi si zachilendo, ndi magulu asanu ndi limodzi aja a zakudya amene munaphunzira kusikelo muli kulera ana, ndipo tsopano yafika nthawi yoti muwatembenuzire pa mbale yanu.

Wofuna kutsika thupi asathamange. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro lokwanira, ndipo kudzipha ndi njala, kapena kugula timapaketi ta tiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi kwa oyenda nato m'misika, kungotha ndalama ndi mphamvu, thupi nilibwerera pomwe linali. Yendani ndi miyendo mphindi 30, mwachangu ndithu kufikira mpweya utakwera, masiku asanu pa sabata. Kutchalitchi, kumzikiti ndi kuchigayo ndi maulendo okwanira, mukangomuuza wa kabaza kuti lero apite. Koma ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pali chifuwa chosatha, ludzu losaletseka kapena kukodza pafupipafupi, musakondwere nako, pitani kuchipatala msanga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Sikelo sipezeka m'nyumba iliyonse, chifukwa chake ndadza ndi zingwe izi, chilichonse chili ndi mfundo ziwiri. Muzunguliza chingwe pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutaimirira, mutatulutsa mpweya, chitenje chochindikala mutachotsa. Mfundo yoyamba ili pa masentimita 80, ndipo wopyola pamenepo ayambe kusamala. Yachiwiri ili pa 88, ndipo wopyola imeneyo akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi mwezi uno usanathe. Gogo Chalo, eni nthaka ino, akalola, amayi apite kuseri kwa nyumba iyo pamodzi ndi anamkungwi akayezane okhaokha, abambo atsale pompano, pakuti nawo ndili nawo mawu pa nkhani ya mowa ndi kanyenya.