Dzanja Likamapweteka Ponyamula Mwana

Amayi, m'sewero lija munamva mayi wina akudandaula kuti dzanja likumupweteka akamanyamula mwana wake wa miyezi iwiri. Apongozi ake anati walodzedwa, ndipo anafuna kupita naye kukatemera mphini. Vuto limeneli timaliona kawirikawiri kusikelo, ndipo si ufiti ayi.

Pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, mbali ya chala chachikulu, pamadutsa timitsempha tiwiri tonga zingwe timene timakoka chalacho. Timitsempha timeneti timayenda m'kanjira kopapatiza. Mukamanyamula mwana kambirimbiri pa tsiku pomugwira m'khwapa, zala zazikulu zitatambasuka, kanjira kaja kamatupa ndipo timitsempha timayamba kukhulika. Kufinya matewera ndi kusinja kumawonjezera ululuwo. Dokotala wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, ndiye analongosola matendawa m'chaka cha 1895, ndipo madokotala amawatchula ndi dzina lake.

Mungathe kudziyesa nokha. Pindirani chala chachikulu m'chikhatho, chifumbateni ndi zala zinazo, kenaka pendeketsani dzanja pang'onopang'ono kuloza mbali ya chala chaching'ono. Mukamva ululu wobaya patsinde pa chala chachikulu, mwina ndi matenda omwewa.

Mankhwala oyamba ndi kupumitsa dzanja. Ndikudziwa kuti mayi wa khanda ukamuuza kuti apume amangokuseka, komabe zilipo zimene mungasinthe. Ponyamula mwana, lowetsani dzanja limodzi kunsi kwa matako ake, lina ligwire msana ndi mutu, chala chachikulu chili pamodzi ndi zinzake. Poyamwitsa, ikani pilo kapena chitenje chopinda pamiyendo kuti mwana atsamirepo. Matewera azifinya bambo kapena wina wa pakhomo kwa masabata angapo. Potupapo ikanipo kansalu konyika m'madzi ozizira kwa mphindi 15.

Panado amachepetsa ululu. Ibuprofen amachepetsanso kutupa ndipo mayi woyamwitsa angathe kumwa, koma ngati muli ndi pakati kapena zilonda za m'mimba, yambani mwafunsa anamwino. Mphini sizifika pa mtsempha. Zimangosiya mabala olowera tizilombo, makamaka lumo likakhala loti latemera kale munthu wina.

Ululu ukapitirira masabata awiri, bwerani kuchipatala. Tingathe kukumangani kathabwa koletsa chala kugwedezeka, ndipo ambiri amachira akabayidwa jekeseni pamalo potupapo. Opaleshoni amachitidwa ndi ochepa okha. Koma dzanja likafiira ndi kutentha, thupi n'kumatenthanso, kapena ngati munagwa n'kulitsamira, musadikire masabata awiriwo. Bwerani tsiku lomwelo.