Unsembe wa Khristu ndi Mtulo wa Eklezia

Mau oyankhulidwa pa chikondwerero cha zaka 100 za Misyoni ya Francisco Xavier Woyera ku Lifidzi



Nyengo yokolola ikafika, atsogoleri a mpingo nayamba kukumbutsa za mtulo, m'midzi ya Angónia mumamveka mafunso awiri. Ena amati: popeza Malembo Oyera amanena za chakhumi, bwanji Eklezia salamula chakhumi? Ena amati: kodi mtulo suli msonkho wina, umene munthu amakhoma kuti mwana wake abatizidwe? Mafunso onsewa yankho lake lagona pa unsembe, pakuti m'Malembo chopereka ndi wansembe siziyenda padera.

Pamene Aisraele adagawana dziko la Kanani, fuko la Levi lokha silidalandire dera lakelake, chifukwa ntchito yake inali kutumikira pa malo opatulika. Nchifukwa chake mutu 18 wa buku la Numeri udalamula kuti mafuko enawo azipereka kwa Alevi gawo limodzi mwa magawo 10 a zokolola zao, ndipo Alevi nawonso azipatula chakhumi cha chakhumicho kupatsa ansembe a banja la Aroni. Mutu 14 wa Deuteronomo udaonjeza kuti chaka chachitatu chilichonse chakhumi chizisungidwa m'mudzi momwemo, kuti adyeko Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mai wamasiye. Tsono chakhumi chinali nkhokwe ya anthu opanda munda. Nkhokweyo itauma pa masiku a Nehemiya, Alevi adasiya Nyumba ya Mulungu napita kukalima, ndipo mapemphero adazilala.

Koma Yesu sadabadwire m'fuko la Levi. Adabadwira m'fuko la Yuda. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 7, imakumbutsa za Melkizedeki, mfumu ndi wansembe, amene Abrahamu adampatsa chakhumi cha zofunkha zake Levi asanabadwe nkomwe. Imaphunzitsa kuti unsembe wa Khristu ndi wa mtundu wa Melkizedekiyo, woposa wa Aroni, ndiponso kuti unsembe ukasinthika, lamulo lake liyeneranso kusinthika. Wansembe watsopanoyu sadapereke mbuzi kapena ng'ombe, sadaperekenso gawo limodzi mwa magawo 10. Adadzipereka yekha kwathunthu pa mtanda. Kuchokera pamenepo muyeso wa chopereka suwerengedwanso ndi madengu okha. Yesu adadzudzula Afarisi amene ankapatula chakhumi ngakhale cha timasamba tokometsera ndiwo, chilungamo ndi chifundo ataziika kumbuyo. Koma adayamika mai wamasiye amene adaponya timakobiri tiwiri, chifukwa tinali zonse zimene anali nazo.

Unsembe wa Khristu umodziwu amaugawira anthu ake mwa njira ziwiri. Petulo Woyera amatcha obatizidwa onse ansembe achifumu, ndipo Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatikano, wa zaka za 1962 mpaka 1965, udatsimikiza chiphunzitso chimenechi: mwa ubatizo mkhristu aliyense amapereka kwa Mulungu moyo wake, ntchito yake ndi banja lake. Mwa obatizidwawo ena amadzozedwa ndi Episkopi kuti alalike mau a Mulungu, apereke nsembe ya Misa ndi kukhululukira machimo m'dzina la Khristu. Za iwowa Paulo Woyera adalembera Akorinto kuti olalika Mthenga Wabwino ayenera kupeza zosowa zao ku Mthenga womwewo, ngakhale iye mwini ankasoka mahema kuti asalemetse munthu. Adawalemberanso kuti aliyense apereke monga watsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa. Motero malamulo a Eklezia a chaka cha 1983 satchula chiwerengero. Amangoti akhristu ali ndi udindo wothandiza pa chipembedzo, pa ntchito za utumwi ndi zachifundo, ndi pa kusunga atumiki ake. Malamulo omwewo amaletsa kumana mmphawi masakramenti chifukwa cha umphawi wake. Chaulere cha Mulungu sichigulidwa, monga Petulo adauzira Simoni wa ku Samariya.

Mbiri ya Lifidzi yamasulira mau amenewa momveka koposa buku lililonse. Ansembe Ajezuiti adafika kuno m'chaka cha 1908, motsogozedwa ndi Bambo José Hiller. Posakhalitsa, ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, boma latsopano lidathamangitsa Ajezuiti. Ansembe a ku Germany a chipani cha Mau a Mulungu adalowa m'malo mwao, koma nawonso adachotsedwa mu 1916, Portugal ndi Germany atayambana pa nkhondo. Ajezuiti adabweranso mu 1941, boma la Portugal litapangana ndi Papa mu 1940. Pa chipangano chimenecho boma linkathandiza mamisyoni ndi ndalama, ndipo zambiri zidamangidwa. Koma pambali pake anthu adazolowera kuona misyoni ngati nyumba yolandirako zinthu, osati nyumba yoti aisenze okha. Komanso anthu amene adalawa msonkho wa atsamunda ndi chibalo sakadalephera kukayika akamva za kupereka.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, masukulu ndi zipatala za mamisyoni zidatengedwa ndi boma, ndipo thandizo lija lidatha. Mu 1977 Eklezia wa m'Mozambique adasonkhana ku Beira, natsimikiza kukhala Eklezia wa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu, m'mene aliyense ali ndi utumiki wake. Chaka chotsatira, mu 1978, ansembe adachotsedwa pa misyoni ya Lifidzi nakakhala ku Chapotera. Apo ndi pamene unsembe wa obatizidwa udaonekera poyera. Aphunzitsi a katekisimu ndi akuluakulu a mpingo ankatsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa ana, kuyendera odwala ndi kuika maliro. Nkhondo itakula, ambiri adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'Malawi, chikhulupiriro chao ali nacho, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 adabwerera nacho kwao.

Ansembe odzozedwa nawonso adapereka gawo lao. Usiku wa pa 30 October 1985, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, wa ku Portugal, adatengedwa m'nyumba yao ku Chapotera naphedwa. Akadatha kuchoka kale ngozi isanafike, koma adakhala pamodzi ndi nkhosa zao. Mpingo umene udalandira mphatso yotere sungafunsenso kuti chochepetsetsa chimene ungapereke nchiti.

Tsono mtulo nchiyani? Kale mlenje akapha nyama ankatula gawo lake kwa mfumu, povomereza kuti dziko lili ndi mwini wake. Mkhristu akatula chimanga, nyemba, kachewere, nkhuku kapena ndalama, amavomereza kuti munda, mvula ndi mphamvu za manja ake nza Mulungu. Amene afuna kutenga chakhumi ngati muyeso wake achita bwino, malinga asadzitame, asaweruzenso mnzake. Amene nkhokwe yake njopanda kanthu asachite manyazi kufika ku tchalitchi, pakuti iyenso ali ndi nthawi, manja ndi pemphero, ndipo ali ndi gawo lake pa zimene ena apereka. Osunga chuma cha mpingo ayenera kuchifotokoza poyera, kuti wopereka adziwe kumene thukuta lake lapita. Ndipo banja limene lilola mwana wake kupita ku seminale lapereka mtulo woposa wonse.

Zaka 100 zoyamba zidayamba ndi alendo amene adasiya kwao. Mutu umodzi susenza denga: zaka zikudzazi zidzasenzedwa ndi ana a Lifidzi eni ake, odzozedwa ndi obatizidwa pamodzi, pozungulira guwa limodzi. Francisco Xavier Woyera awapempherere, ndipo Khristu, Wansembe Wamkulu, alandire zopereka zao. Amen.