NYUMBA YA BATA KU MIGODI

Munthu amene agwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino kuti kumeneko cinthu ciri conse ciri ndi malo ace. Nyali, cisoti ndi zipangizo siziikidwa pali ponse, pakuti citsulo cimodzi cosiyidwa m'njira cikhoza kupweteka anthu ambiri. Lamulo lomwelo liyenera kusungidwanso ku nyumba, kumene munthuyo apumulako, ndi kumene ana ace akulirako.

Nyumba zambiri za m'makomboni a ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya, ndi zina za mu Lusaka ndi Kabwe, ziri ndi zipinda ziwiri kapena zitatu zokha, koma okhalamo ndi ambiri: atate, amai, ana, ndipo nthawi zina mphwao wocokera ku mudzi amene adza kudzafuna nchito. Kale eni migodi ndiwo anali kucotsa zinyalala ndi kukonza mipope ya madzi m'makomboni ao. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyumba zambiri za migodi zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo kuyambira pamenepo mwini nyumba ndiye woyang'anira wace yekha. Nyumba yotere sikhala yaukhondo cifukwa ca kukonza kwakukuru kwa tsiku Loweruka lokha ai. Ikhala yaukhondo cifukwa ca tinchito tating'ono tocitidwa tsiku ndi tsiku, kali konse pa nthawi yace. Akuru anati, “Pang'ono pang'ono ndi mtolo.”

KUKACA M'MAWA

Nchito yoyamba ndiyo kutsegula mazenera ndi citseko, kuti mpweya woipa wa usiku uturuke. Ali yense, kuyambira mwana wa zaka zisanu, apinde yekha copfunda cace ndi mphasa yace, naziike pa malo ace. Kamodzi pa sabata mabulangete, mphasa ndi matiresi ziyanikidwe pa dzuwa. Nsikidzi zibisala m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya kama ndi ya cipupa, ndipo munthu amene ayang'ana m'malo amenewa sabata ndi sabata azipeza zisanacuruke.

Kusesa kuli ndi nzeru yace. Wosesa pouma sacotsa pfumbi, angoliulutsa, ndipo likakhala pang'ono liteeranso pa mbale, pa cakudya ndi m'mphuno mwa ana. Cifukwa cace mkazi wanzeru ayamba wawaza timadzi pa bwalo asanagwire tsache, ndipo m'nyumba akolopa ndi nsaru yonyowa.

Anthu a ku Kabwe, mzinda umene kale unali kuchedwa Broken Hill, ayenera kusamala koposa pa cinthu ici. Mgodi wa mtobvu wa kumeneko unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtobvu unatsala m'dothi la makomboni oyandikana nao, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mwana wokwawa agwira pansi naika zala m'kamwa, ndipo mtobvu ulowa m'mwazi mwace. Suoneka ndi maso, koma uononga nzeru za mwana, kotero kuti pofika ku sukulu abvutika kuphunzira. Kukolopa ndi nsaru yonyowa, kubzala kapinga pa bwalo kuti pfumbi lisauluke, kubvula nsapato pa khomo, ndi kusambitsa ana m'manja asanadye, izi sizicotsa mtobvu m'dziko, koma zicepetsa umene ulowa m'thupi la mwana.

MADZI NDI MBALE

Madzi akumwa akhale m'cigubu kapena mu mtsuko wobvundikira, pa malo okwezeka pamene ana ndi agaru safikapo. Cikho cotungira cikhale cimodzi, ca cigwiriro cacitali, ndipo munthu asamwere pomwepo. Ngati madzi acokera ku citsime cosazama, kapena ku mpope wong'ambika, ayenera kuphitsidwa kufikira atabwata ndithu kwa mphindi imodzi, kapena kuthiridwa mankhwala a klorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo.

Mbale ndi miphika zitsukidwe pomwe anthu atha kudya. Mphika wa nsima ukathiridwa madzi ukali wofunda, mikute icoka msanga. Ukagona usiku wonse, ufuna mcenga ndi mphamvu, ndipo mphemvu ndi makoswe zayamba kale kudyamo. Mbale zotsuka ziume pa thandala, pa dzuwa, zisapukutidwe ndi nsaru yakuda. Ndiwo zotsala zibvundikiridwe, ndipo zitenthetsedwe bwino asanazidyenso.

Nchenche imene iteera pa nsima ndiyo yomwe inali ku cimbudzi mphindi zapitazo. Cifukwa cace cimbudzi cikhale ndi cibvundikiro, citsukidwe tsiku liri lonse, ndipo pafupi pace pakhale madzi ndi sopo. Sopo akasowa, phulusa loyera lithandiza. Zonyansa za makanda zitayidwe m'cimbudzi momwemo, pakuti nazonso ziri ndi matenda.

Zimenezi si nkhani ya ulemu wa pa maso pa alendo cabe. Kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023 inafalikira m'dziko, nipha anthu oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana a sukulu anakhala pa nyumba kufikira mwezi wa February 2024. Nthenda iyi iyenda ndi madzi ndi cakudya zodetsedwa, ndi manja osasamba. Mipope ndi ngalande ndi nchito ya boma ndi khonsolo, koma cigubu, mbale ndi manja ziri m'mphamvu ya banja leni leni.

TULO TA WOGWIRA NCHITO YA USIKU

Mgodi sugona. Pamene ena aweruka, ena alowa, ndipo munthu wa shifiti ya usiku afika pa nyumba dzuwa litaturuka, pa nthawi yomwe komboni yonse iyamba phokoso. Munthu wamkuru afuna tulo ta maora 7 kapena 8. Akagona maora atatu okha, masiku otsatana, maso ace alemera ndipo nzeru zace zicedwa. Munthu wotere akayendetsa makina kapena akagwira nchito pafupi ndi thanthwe losalimba, aika pa ngozi moyo wace ndi wa anzace. Bata la m'nyumba masana liri mbali ya citetezo ca pa mgodi.

Pali nyumba ziwiri zoyandikana, ndipo amuna a nyumba zonsezo agwira nchito usiku umodzi. M'nyumba yoyamba mwamuna angogona, ndipo mwana alowa kufuna nsapato ya sukulu imene iri pansi pa kama. Pambuyo pace mkazi alowa kutenga zobvala zokacapa, nayatsanso wailesi. Mwamuna adzuka ndi mkwiyo, mkazi ayankha kuti nayenso watopa, ndipo tsiku lonse lionongeka. M'nyumba yaciwiri zobvala za sukulu, mabuku ndi zocapa zinaturutsidwa m'cipinda cogona madzulo a dzulo. Madzi osamba ali okonzeka, cakudya ciri cobvundikira pa tebulo, ndipo pa zenera papacikidwa nsaru yocindikala kuti m'cipinda mukhale mdima. Mnzace wa mwana akadza kufuna kusewera, mwanayo anong'oneza, nati, “Atate ali m'tulo, tiyeni tikasewere uko.” Mkazi wa m'nyumba iyi sagwira nchito yoposa ya mnansi wace. Asiyana m'cinthu cimodzi cokha, kuti iye anaganizira za mawa kukali madzulo.

Masiku ano akazi ambiri nawonso agwira nchito ya usiku, ku migodi, ku zipatala ndi kwina. Mai wotere akafika m'mawa ayenera kulandira ulemu womwewo, ndipo mwamuna wace ndiye ayenera kuletsa phokoso.

Zobvala za nchito zikhale ndi msomali wace ndi ndowa yace. Jombo zibvulidwe kunja. Ovolosi ya pfumbi ndi mafuta isacapidwe pamodzi ndi matewera a mwana, ndipo atate ayambe asamba ndi kusintha asananyamule khanda.

PA BWALO

Zinyalala zisagone m'nyumba. Makoko a mbatata, masamba ndi phulusa zikwiriridwe m'dzenje la kuseri, kumene zidzasanduka manyowa a dimba. Mapulasitiki ndi mabotolo zisungidwe pa zokha m'thumba kufikira zitatengedwa. Wotaya zinyalala m'ngalande aitana madzi osefukira pa khomo pace ndi pa khomo la mnansi wace mvula ikadza.

Madzi oima ndiwo nyumba ya udzudzu. M'nyengo yotentha dzira la udzudzu lisanduka udzudzu wouluka m'masiku osapitirira khumi kapena pamenepo. Cifukwa cace kamodzi pa sabata munthu mmodzi wa m'banja azungulire nyumba, akwirire zithaphwi, atsegule ngalande ya ku bafa, nakhuthule zitini ndi matayala akale.

Mbiri ya Luanshya ionetsa mphamvu ya nchito yotere. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kuyambika, malungo anapha anthu ambiri, kotero kuti anthu anaopa kukagwirako nchito, nanena kuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cakupha anthu. M'zaka za 1929 ndi 1930 eni mgodi anayamba kuumitsa madambo, kulambula m'mphepete mwa mtsinje ndi kukumba ngalande, potsata uphungu wa sing'anga wodziwa za malungo, Sir Malcolm Watson. M'zaka zowerengeka imfa zinacepa kwambiri. Cimene anthu aja anacita ndi makasu mazana ambiri, banja liri lonse likhoza kucita pa bwalo lace ndi khasu limodzi.

DZUWA LIKALOWA

Asanagone, a m'banja onse apatule kanthawi kocepa, monga mphindi 15, kubweza zinthu m'malo mwace. Makiyi, makadi a ku cipatala, ziphaso ndi mapepala a nchito zikhale m'kabokosi kamodzi kodziwika kwa akuru onse. Mabuku alowe m'zikwama, madzi a m'mawa atungidwe, ndipo ukonde wa udzudzu utsitsidwe ndi kupisidwa pansi pa matiresi. Amene anena kuti “ndidzacita mawa” akumbukire kuti Zengerezu analinda kwaukwau.

Palafini, mankhwala a makoswe ndi mapiritsi ziikidwe pamwamba, kutali ndi ana. Palafini asathiridwe konse m'botolo la zakumwa, pakuti mwana wa ludzu sadziwa kusiyanitsa. Mwana akamwa palafini asamsanzitse, cifukwa posanza palafiniyo alowa m'mapapo. Athamange naye ku cipatala.

Coopsa cina cidza m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndico mbaula. Malasha oyaka aturutsa mpweya wa ululu umene ulibe pfungo ndiponso suoneka. M'cipinda cotsekedwa munthu ayamba kumva mutu ndi cizwezwe, ndiye agwidwa ndi tulo tolemera, ndipo ena sadzukanso. Mbaula ituruke kunja anthu asanagone, ngakhale malasha aoneke ngati atha. Kandulonso izimidwe, isasiyidwe pafupi ndi katani kapena ukonde. Bulangete lina limodzi liposa mbaula m'cipinda cogona.

NCHITO YA ONSE

Mutu umodzi susenza denga. Nyumba imene nchito zonse zigwera mkazi yekha siikhala ya bata, pakuti munthu wotopa sacedwa kupsa mtima. Mwana wamng'ono akhoza kutola zoseweretsa zace. Wamkurupo akhoza kutunga madzi ndi kutsuka mbale, mnyamata ndi mtsikana yemwe. Mlendo wokhalitsa apatsidwe nchito yace, kuti adzimve kuti ndi wa pa nyumba. Mwamuna pa tsiku lace lopuma akonze citseko cogwedera, atseke pa denga podontha, nalambule udzu. Mwana amene aona atate wace alikupacika okha malaya ao sadzafuna kuuzidwa kawiri.

Mau nawonso afuna kuikidwa pa malo ace. Munthu wocokera ku nchito asalandiridwe ndi madandaulo pa khomo. Ayambe wasamba ndi kudya. Nayenso asalowe ndi mau akuti, “Mwaswera kucita ciani tsiku lonse?” Nkhani za ndarama zikambidwe ndi awiri okha, ana atagona, makamaka pa tsiku la malipiro, kuti za ufa, sopo, malasha ndi sukulu zipatulidwe ndarama zisanamwazike. M'makomboni zipupa ziri pafupi, ndipo mau okwezeka amvedwa ndi mzere wonse wa nyumba.

Nyumba ya bata siifuna mipando ya mtengo wapatali. Ifuna tsache, sopo, cibvundikiro, msomali wopacikapo, ndi anthu omvana. Banja limene lifuna kuyamba lisayese zonse tsiku limodzi. Lisankhe zitatu sabata ino: kutsuka mbale pomwe atha kudya, kubvundikira madzi akumwa, ndi kukonza za mawa asanagone. Zimenezi zikazoloweleka, zina zidzatsata mosabvuta, ndipo amene aweruka ku nchito adzafulumira kubwerera kwao.