Chipatala Chaulere ndi Voti Yathu: Mafunso Atatu kwa Ofuna Mipando



Masheikh, akuluakulu a mizikiti, abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, landirani moni wa abale anu a kumapiri a Dedza. Kumtunda timavutika ndi chibayo m'nyengo yozizira, inu kunsi kuno malungo ndi likodzo, koma pakhomo la chipatala timaima pamzere umodzi. Tisanavote, tiyeni tiisanthule nkhani ya zaumoyo.

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, komabe wodwala amalipira m'njira zina. Mankhwala akasowa, amakagula kufamase ndi ndalama ya usipa kapena ya mbatatesi. Palinso ya kabaza ndi chakudya cha womudikirira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala, amene ambiri amachokera kunja, anakwera mtengo.

Gwero la vutoli ndi thumba la boma. Mu 2001, ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma bajeti zathu za zaka zaposachedwapa sizikufikapo. Pafupifupi theka la ndalama za zaumoyo, mwinanso kuposa, limachokera kunja. N'chifukwa chake America itaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ntchito zolimbana ndi HIV ndi malungo zinagwedezeka.

Unduna wa Zaumoyo uli ndi ndondomeko ya 2023 mpaka 2030, yofuna kuti aliyense alandire chithandizo popanda kusaukitsidwa nacho. Ofuna mipando afotokoze mmene adzaikwaniritsire, ndipo muwafunse zitatu.

Loyamba likhudza mbali zolipira, monga zimene zili ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth. Ndalama zake zikhoza kugula mankhwala a onse, koma zikhozanso kukokera madokotala kwa olemera. Afunseni: mudzateteza bwanji wodwala wa mbali yaulere?

Lachiwiri ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, imene yakhala ikukambidwa kwa zaka. Wolembedwa ntchito angadulidwe pamalipiro, monga achitira a MASM. Nanga msodzi wa ku Makanjira ndi mlimi wa ku Bembeke, amene ndalama amaiona pa nyengo, adzapereka motani? Nanga wamasiye adzamulipirira ndani?

Lachitatu ndi mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM, gulu limene muli chipatala cha Mua. Kuyambira 2006 boma limalipira zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe mwaulere kumene kulibe chipatala cha boma. Boma likachedwa kulipira, ulerewo umaima. Afunseni: mudzalipira pa nthawi yake?

Musaiwale kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Mjigo ndi chimbudzi ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Ine sindikuuzani woti mumuvotere. Voti ndi amana, ndipo Mulungu adzatifunsa za iyo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Chitenje cha msonkhano sichidzagula mankhwala mwana akadzadwala usiku. Aitaneni ofuna mipando, afunseni mwaulemu, ndipo lembani mayankho awo kuti mudzawakumbutse.

Allah achize odwala athu, atipatse atsogoleri achilungamo. Ameen.