Cat Osterman, Woponya Mpira ndi Dzanja Lamanzere

Lero tikamba za masewera ochedwa softball, ndiponso za mkazi wina wa ku America amene anachuka nawo.

M'masewerawa mupikisana magulu awiri, lililonse la anthu 9. Mmodzi aponya mpira, ndipo wa gulu linalo ayesa kuumenya ndi ndodo. Woponyayo aima pamtunda wa mamita 13, azunguza mkono wake, nataya mpira dzanja lili m'munsi, pafupi ndi ciuno. Womenya akaphonya katatu, watuluka. Cotero gulu lonse lidalira dzanja la woponya.

Cat Osterman anabadwa m'caka ca 1983 mu mzinda wa Houston, ku Texas. Anali kuponya ndi dzanja lamanzere. Ena anali kumposa pa liwiro, koma iye anadziwa kupotoza mpira ndi zala, kotero kuti unali kukhota kapena kugwa mwadzidzidzi pamene womenya anali atakweza kale ndodo. Pamene anali kuphunzira pa University of Texas, anaturutsa omenya 2,265, ndipo katatu anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'makoleji a dzikolo.

M'caka ca 2004, ali ndi zaka 21, anapita ndi gulu la dziko lake ku masewera a Olimpiki ku Athens, nabwerako ndi mendulo ya golide. Koma mu 2008, ku Beijing, zinthu zinatembenuka. Pa mpikisano wotsiriza iye ndiye anayamba kuponya, ndipo Japan inapambana 3 kwa 1. Woponya wa Japan anali Yukiko Ueno. Pambuyo pake softball inacotsedwa m'masewera a Olimpiki, kotero mwayi wobwezera unasowa. Mu 2015 Osterman analeka kusewera, napitiriza nchito yophunzitsa atsikana.

Tsono mvetserani bwino, ana inu. Atamva kuti softball idzaseweredwanso ku Tokyo, anabwerera kubwalo, nayamba kukonzekera pamodzi ndi atsikana ocepa msinkhu kwa iye. Mu 2021, ali ndi zaka 38, anaimanso pa mpikisano wotsiriza. Adani anali omwe aja, ndipo woponya wao anali Ueno yemwe uja. Japan inapambananso, 2 kwa 0, ndipo Osterman analandira mendulo yaciwiri ya siliva.

Kodi tinene kuti anabwerera cabe? Iai. Iye anadziwa kuti angathe kugonjanso pamaso pa dziko lonse, komabe anapita, ndipo dzanja lake linathandiza gulu kufika pa mpikisano wotsiriza. Nanga inu, mukalephera mayeso kapena mukatsala pa liwiro, mawa lake mudzabweranso kodi?

Aphunzitsi, turukani ndi ana kubwalo, muyese mapazi kufikira mamita 13, kuti mwana aliyense aponyeko mpira dzanja lili m'munsi. Tsalani bwino.