Ndani akusimbira ana athu nthano?

Kuwerenga kwa lero: Deuteronomo 6:4-9



Tikayenda pa salaula mu msika wa Kapata, tiona zikwama za sukulu ndi malaya a ana zili ndi nkhope ya Mickey Mouse kapena ya Spider-Man. Mwana wa giredi 2 amawatchula onsewa maina osaphonya. Mwini wake wa nkhope zimenezi ndi kampani ya Disney, imene Walt Disney ndi mkulu wake Roy anayambitsa ku California mu 1923. Mickey Mouse anaonekera mu 1928, ndipo mu 2009 kampaniyi inagula Marvel, kwawo kwa Spider-Man. Lero nthano zake zimalowa m'nyumba zathu kudzera pa DStv ndi pa mafoni.

Sitikunena kuti zonsezi ndi zoipa. Mu The Lion King, filimu ya mu 1994, mwana wothawa udindo amabwerera kwawo kukausenza, ndipo phunziro limenelo ndi labwino. Tinakondweranso mu 2023 pamene Netflix inaonetsa Supa Team 4, makatuni a atsikana anayi a mu Lusaka, olembedwa ndi mwana wa dziko lino, Malenga Mulendema.

Koma tikumbukire m'mene nthano zinali kuyendera ife tili ana. Agogo akati “Padangokhala,” ife tinali kuvomera kuti “Tili tonse.” Tikasiya kuvomera, nthano inali kuima. Agogo anali kudziwa amene waba nsinjiro tsiku limenelo, ndipo nthano ya Kalulu inali kulunjika kwa iyeyo. TV simudziwa mwana wanu. Iye avomere kapena asavomere, imangopitirira, chifukwa cholinga cha kampani ndi chakuti maso ake asachoke pamenepo, ndipo mawa alirire chikwama chija.

M'mawu a lero, Mose akupereka ntchito yophunzitsa ana kwa makolo, ndipo akuiika m'moyo wa tsiku ndi tsiku wa pakhomo, kuyambira m'mawa kufikira nthawi yogona. Sande sukulu imakhala ndi mwana ola limodzi pa sabata. Nanga madzulo a masiku ena onsewo, akulankhula naye ndani? Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Ngati ife tili chete, wina akuuwongolera kumene iye akufuna.

Choncho, makolo ndi agogo anzathu, sabata ino tichite zinthu ziwiri. Choyamba, tikhale pansi ndi ana tionere nawo pulogalamu imodzi mpaka kumapeto, kenaka tiwafunse kuti: wachita bwino ndani pamenepa, ndipo Yesu akanatani? Tiwasiye ayankhe okha. Chachiwiri, malaiti akathima, tisamangodandaula. Tiwaitane pa mphasa, tiwasimbire za Yosefe ndi abale ake, za Rute, za Kalulu, ndi za kumudzi kumene tinachokera. Amene mukulera adzukulu amasiye, nkhani za makolo awo muli nazo ndinu nokha.

Tipemphere. Atate wakumwamba, munatipatsa ana awa kuti tiwalere. Tsegulani pakamwa pathu madzulo ano, kuti amve za Inu kuchokera kwa ife amene timawadziwa maina. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.